Chipinda cha Mwana wa Amayi a Ambulera

9 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana athu, komanso amayi ndi mwendo wawo uja. Ine kuno ndili moyo, chimfine chokha cha kusintha madzi. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ya aneba ija, munthu ukamalankhula khonde lonse limatchera khutu. Adalaivala a basi avomera kumakutengerani makalata.

Ntchito ya zomangamanga imene msuweni wanga analonjeza ija kunalibe. Musadandaule. Ndinayenda khomo ndi khomo mumsewu wa mashopu, mpaka ndinatsika masitepe olowa pansi pa nyumba ina yosanja, kumene amakonza makompyuta. Nditawauza kuti kwathu ndinkakonza mawailesi anaseka, komabe ananditenga kuti ndiphunzire. Malipiro ndi a wophunzira. Kangachepe kali mu envelopumu muyambire denga la kuchipinda kwa ana, mvula isanatichititse manyazi.

Amene akundiphunzitsa ndi bambo wadazi wochokera mbali za kwathu. Timawatcha Afani, chifukwa pakamwa pawo sipaima, ngati fani yokupiza mphepo. Tsiku loyamba anandimenya dzanja ndisanakhudze kanthu. Akuti, “Mphwanga, uyambe wazula pulagi, kenako ugwire chitsulo cha bokosili. M'thupi mwako muli magetsi amene iwe sukuwamva, koma makinawa amafa nawo.”

M'bokosimo mulibe matsenga ngati mmene tinkaganizira. Muli thabwa lalikulu lobiriwira, madabodi, pamene zonse zimalumikizika. Pakati pake pali pulosesa, ndiye mutu, imatentha ngati simbi, n'chifukwa chake anaisenzetsa fani. Pali timatabwa ta ramu, tokumbukira zimene makina akuchita nthawi yomweyo. Magetsi akangothima taiwala zonse, ngati malume anu akalawa. Hadidisiki ndiye nkhokwe, imasunga zinthu zaka ndi zaka. Kompyuta yabwinobwino ukaiyatsa imalira kamodzi, tii. Ikalira mobwerezabwereza ndiye kuti ikudandaula, ndipo mmisiri amayamba wamvetsera asanagwire sikuludiraiva.

Benchi imene andipatsa inali ya munthu wina. Zida zake zonse zilipo, jekete lake likadali pa msomali. Nditafunsa kuti adzabwera liti kudzatenga, Afani osatopa kulankhula aja anangokweza wailesi.

Ndikugona kwa anyamata akwathu, tothinana ngati machesi m'bokosi, koma tulo ndi tulo.

Ndine mwamuna wanu.

6 Epulo

Amake ana,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kuti denga latheka. Mtsikana wathu mumuuze kuti zilembo zake ndaziona, zikuwongoka. Ine ndili bwino. Tsopano ndimatha kuchotsa fani, kupukuta phala lakale loziziritsa pulosesa n'kupaka latsopano, Afani osandiimirira kumsana. Dzulo ndinadzutsa kompyuta yakufa pongopukuta mano a ramu ndi labala ya pensulo. Mwini wake anandiyang'ana ngati mneneri.

Kunabwera mayi wina wachikulire, wa konkuno. Amayenda ndi ambulera yakuda ngakhale kumwamba kuli mbee, ndiye pashopu amangoti Amayi a Ambulera. Anatsika masitepe atakumbatira kompyuta yakale yokutidwa ndi thaulo, ngati mwana wodwala. Atangolowa, Afani anakumbukira kuti ali ndi ntchito kuseri.

Vuto lake akuti tsiku limabwerera m'mbuyo. Limeneli ndi vuto laling'ono. Pa madabodi pali kabatire konga kandalama kachitsulo, kamene kamayendetsa wotchi ya m'kati ngakhale makina ali chizimire. Kakatha, wotchi imasokonekera. Ndinasintha, n'kukonza tsiku. Nthawi yonseyo mayiwo sanayang'ane kompyuta, ankayang'ana manja anga. Akuti, “Mumagwira ndi lamanzere. Nayenso ankatero.”

Sabata isanathe anabweranso. Tsiku labwereranso. Chimene chikundizunguza n'chakuti batire ikatha, wotchi imathawira pa 1 Januwale, chaka chimene makina anapangidwa. Iyi ayi. Imapita pa 17 Ogasiti, chaka cha kale ndithu, ndipo ulendo uliwonse ndi tsiku lomwelo. Ndinayeza batire ndi mita, ili ndi moto wokwanira. Nditawafunsa Afani anati, “Sintha batire, uwapatse katundu wawo, azipita. Sizonse zobwera pabenchi zimene zimafuna kukonzedwa.”

Mayiwo ndi aulemu, ndipo amalankhula pang'onopang'ono kuti ndizimva chilankhulo cha kuno. Atamva mmene tikugonera anagwira pakamwa. Akuti kunyumba kwawo kuli chipinda chongokhala, cha mwana wawo, ndipo safuna lendi, angofuna mawu a munthu m'nyumba. Afani akuti ndisapite, koma chifukwa chake sakunena. Mwina ndi nsanje ya ukalamba. Ya lendiyo ikanagula nsapato za ana. Inu mukuona bwanji?

Mbuzi ija musagulitse, ngakhale alamu akakamize.

Ndine mwamuna wanu.

4 Meyi

Amake ana,

Moni nonse. Ndikhulupirira chifuwa cha mzime wathu chatsika. Yankho lanu linandipeza nditasamuka kale, mundikhululukire. Mwalemba kuti chaulere chimakhala ndi mbedza, koma mukanaona nsikidzi za kuja mukanandimvetsa.

Nyumba yake ili kumapeto kwa kamsewu, ya mpanda wautali. Chipinda ndi choyera, cha bedi la matilesi, zenera lake la zitsulo. Zonse za mwana wawo zili m'malo mwake: malaya m'kabati, chipeso, nsapato pansi pa bedi. Kompyuta ija imakhala pa tebulo pafupi ndi mutu wanga. Akuti anaimanga yekha, chidutswa ndi chidutswa, pakuti nayenso anali mmisiri wa makompyuta. Nditafunsa kuti ali kuti, anati, “Ali pafupi.” Sindinafunsenso.

Amandisamala ngati dzira. M'mawa ndi madzulo amandipangira tiyi wa masamba awoawo, wowawirira, akuti ndi wolimbitsa thupi. Zovala zanga anazichapa, koma mpaka lero akuti sizinaume, ndiye ndikuvala za mwana wawoyo. Zikundikwana ngati anachita kundiyeza, mpaka nsapato. Pasipoti yanga anaitenga kuti andisungire, akuti kuno akuba amayamba ndi mapepala.

Kuntchito zikuyenda. Ndaphunzira kuyeza pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi m'makina. Afani anandilumbiritsa kuti ndisadzakatsegule, pakuti kamasunga moto ngakhale utazula pulagi. Koma tsiku limene ndinalowa nditavala malaya abuluu a mizere, anasiya nkhani pakati, n'kundiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka kumapazi. 

Pali kanthu kamodzi. Ndikamachoka m'mawa ndimazula pulagi ya kompyutayo, monga anandiphunzitsira. Ndikabwera ndimapeza pulagi ili pansi pomwe ndinaisiya, koma bokosi lili lofunda, mpando uli wokokedwa. Lamulungu masana, mayiwo atanena kuti apita kukaona mnzawo, ndinali panja kutsuka nsapato, ndipo ndinamva m'chipindamo kulira kamodzi, tii. Sindinalowe. Ndinakhala padzuwa mpaka nsapato zinauma. Zina sizilembedwa, tidzakamba pamaso.

Ndatumiza juzi ziwiri za ana. Yaikuluyo mupinde manja.

Ndine mwamuna wanu.

22 Juni

Mayi,

Ndili bwino. Kuno kukuzizira.

Mwadandaula kuti mwalemba makalata atatu osayankhidwa. Ine sindinaone ngakhale imodzi, kupatula iyi imene adalaivala anandipatsa pamanja. Amayi akuti palibe chimene chinafika pageti.

Mwati mwana anagonekedwa kuchipatala ndipo ine sindinafunse. Ndi mwana uti? Pepani, mutu wanga masiku ano uli ngati wadzaza thonje. Ndimagona kwambiri. Dzulo ndinaika ramu chozondoka mpaka kuthyola kokowera, chinthu chimene sindinachitepo ngakhale tsiku loyamba.

Mwatinso zilembo zanga zasintha, zapendekera kwina. Ndi kuzizira.

Amayi amandiitana dzina la mwana wawo. Poyamba ndinkawakonza, tsopano ndinasiya, n'kukalamba. Si dzina loipa. Madzulo aliwonse amandiuza kuti, “Mawa usapite kuntchito,” ndipo m'mawa amandiperekeza mpaka pageti akulira. Munthu sungawakwiyire.

Za kubwera pa tchuti sindikudziwa. Amayi sangatsale okha.

Mwezi uno sindinatumize kanthu. Ndaiwala kumene ndinaika.

Ndatha.

27 Julaye

Amake ana, mkazi wanga,

Moni, ndipo ndagwada. Afani anandiwerengera mokweza kalata imene munawalembera, ija munaikamo yanga ya mwezi watha. Nditaiona sindinaizindikire. Ndinalira pamaso pa makasitomala. Mzime wathu ali bwanji? Wayamba kudya? Mumuuze kuti bambo ake sanamuiwale, anangodwala.

Atatha kuwerenga, Afani anatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kunditengera ku chipatala cha odwala maganizo, kunja kwa tauni. M'bwalo la kumeneko, pansi pa mtengo, panakhala bambo wa msinkhu wanga, woonda, zala zake zikupota m'malere ngati akumasula sikuluwu. Afani anati, “Mwini jekete uja ndi ameneyu. Nayenso ankagona m'chipinda chomwecho.”

Anamupatsa moni m'chilankhulo chathu, iye osatembenuka. Koma ataona ine anaimirira, n'kugwira kolala ya malaya anga. Analankhula m'chilankhulo cha kuno, mwaulemu: “Achimwene, malaya angawa mwawatenga kuti? Amayi akudziwa?” Namwino atamufunsa dzina, anatchula lomwe lija amandiitana ine kunyumba.

Pobwerera Afani anandiuza zimene akudziwa. Mwana wa mayiwo anamwalira atagundidwa ndi galimoto akupita kuntchito, m'mawa wa pa 18 Ogasiti, zaka zapitazo. Mwini jekete anakhala m'nyumbamo miyezi ingapo, n'kuyamba kuiwalaiwala ngati ine. Chaka chatha mu Ogasiti anasowa sabata yathunthu, kenako anapezeka atakhala pa masitepe a shopu, osadziwa kwawo, osadziwa mkazi wake. Alibe pepala lililonse, ndiye ngakhale kumutumiza kwawo zikukanika. Afani anakanena kupolisi, koma kumeneko anati nkhalamba yosunga mlendo mwaulere yalakwa chiyani?

Ndinati, “Bwanji simunandiuze poyera?”

Anati, “Ndikanati chiyani, mphwanga? Kuti usakagone pa matilesi chifukwa mnzako anapenga? Ukanandimvera?”

Sindikanawamvera, n'zoona. Chikomekome cha nkhuyu.

Tiyi uja ndasiya kumwa. Ndimathira mu chitini cha maluwa akatembenuka. Mutu wayamba kupepuka, ndipo maluwawo afota. Musafunse zambiri.

Mudzati bwanji osangochoka lero lomwe. Pasipoti. Ndikaitchula amandiyang'ana modabwa, amati, “Pasipoti ya chiyani, iwe unabadwira m'nyumba muno?” Popanda iyo, pa msewu uliwonse ndine nyama ya apolisi, ndipo kwathu sindingafike. Ndafufuza m'kabati, pansi pa matilesi, m'zitini za kukhitchini. Ndikufufuzabe, uku ndikuvomera dzina la eni.

Makalata muzitumiza kushopu basi. Amayi anga musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Muzindipempherera.

Ndine mwamuna wanu, bambo wa ana anu awiri.

21 Ogasiti

Amake ana,

Ndili moyo, ndatuluka. Ndikulemba ndili kwa Afani, akazi awo andiyalira pabalaza. Ndikuuzani zonse mwadongosolo kuti mtima ukhale pansi.

Pa 17 magetsi anathima kushopu, ndiye tinaweruka masana. Nditafika kunyumba ndinapeza chitseko cha chipinda changa chili pululu. Mayiwo anali atakhala pa mpando, kompyuta ili chiyakire. Sikirini inali yabuluu, ija timalowamo amisiri tikafuna kukonza wotchi ya m'kati, imene munthu wamba sadziwa n'komwe kuti iliko. Ankadina ndi chala chimodzi, mosaphonya, kubweza chaka m'mbuyo, kamodzi, kamodzi, mpaka chinafika chaka chawo chija. Kenako anazimitsa, anazula pulagi, n'kuiika pansi pomwe ndimaisiya.

Ndiye batire ija inalibe mlandu, amake ana. Ndinkasintha yabwinobwino. Mwana wawo anawaphunzitsa, ndipo tsiku lililonse amabweza wotchi kuti pa 18 pasafike. Kushopu ankabwera kudzaona manja a amisiri.

Osatembenuka anati, “Wabwera msanga, mwanawe. Wachita bwino. Mawa usapite kuntchito.”

M'mawa mwake ndinapeza chitseko chokhoma ndi loko wa kunja. Ndinagogoda, ndinachonderera. Ankayankha ali pafupi penipeni, kuseri kwa thabwa, mofatsa: “Gona, mwanangu. Likadutsa lero ndikutsegulira.” Pansi pa chitseko analowetsa sosala ya tiyi. Ndinakumbukira kuti mwini jekete uja anasowa sabata yathunthu, ndipo ndinadziwa kuti kwa mayiwa lero silidutsa.

Ndinakhala pa bedi n'kuyang'ana kompyuta ija. M'nyumba monse ndinali nditafufuza, kupatula m'menemo, chifukwa ndinkati ndinaitsegula kale kawiri. Koma bokosi la kompyuta lili ndi zitseko ziwiri. Posintha batire timatsegula cha kumaso kwa madabodi. Cha kumsana kwake, kobisala mawaya, sititsegula kawirikawiri. Sikuludiraiva inali m'thumba la malaya. Nditachotsa chitsulocho, munagwa kathumba ka pulasitiki. Munali pasipoti yanga, ya mwini jekete, ndi yachitatu, ya bambo wa ndevu amene sindinamuonepo.

Mahinjesi a chitseko anali mbali yanga. Ndinamasula masikuluwu onse, n'kukokera chitseko m'kati. Mayiwo anali pa mpando pakhomo pomwepo, atavala zakuda, ambulera ili pamiyendo. Sanakuwe. Anagwada n'kundigwira mwendo ndi mphamvu imene sindinkaganiza kuti ali nayo. Akuti, “Ukatuluka ufa. Ndinakuuza tsiku lija, sunamve. Usandichitenso kawiri.”

Amake ana, ndinatsala pang'ono kukhala. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkati awa ndi amayi anga, ndikuwazunza. Ndinachita kutchula maina a ana athu mokweza, mmodzimmodzi, uku ndikumasula zala zawo. Geti ndinakwera pamwamba.

Nditafika pa msewu waukulu miyendo inakana. Magalimoto akudutsa, ine chiimire ngati chitsa, thukuta kamukamu. Mayi wina wogulitsa zipatso ndiye anandigwira dzanja n'kundiwolotsa ngati mwana wa sukulu.

Zovala za eni ndavula, ndavala za Afani, zikulendewera ngati thumba. Akazi awo akuseka mpaka misozi. Nanenso ndaseka, koyamba chichokere kwathu.

Ndine mwamuna wanu.

12 Okutobala

Amake ana,

Moni wa chimwemwe kwa inu, kwa ana, ndi kwa amayi. Chithunzi mwatumiza chija ndachimata pamwamba pa benchi. Mzime wathu wanenepa, koma mano akutsogolo apita kuti? Ine thupi labwerera, ndipo lamba ndabweza pa bowo lake lakale.

Mwafunsa mmene zinathera. Ulendo uno apolisi anamvetsera, chifukwa tinawaikira mapasipoti atatu pa tebulo. Atapita kunyumbako anapeza mayiwo atakhala m'chipinda chija, chitseko chikadali chotsamira khoma. Sanakane kanthu, ankangofunsa ngati mwana wawo wafika bwino kuntchito. Mng'ono wawo anabwera kudzawatenga, ndipo nyumba yatsekedwa. Za tiyi uja akuti akuyeza, sindinamvenso. Ndimafuna kuwada, koma zikundikanika.

Mwini jekete anapita kwawo. Mkazi wake anabwera ndi basi kudzamutenga. Sanamuzindikire, komabe anavomera kukwera naye. Jekete ndinamuveka ndekha, zida zake ndinamuikira m'chikwama. Adokotala akuti mwina akakaona kwawo zina zidzabwerera.

Wachitatu uja palibe akumudziwa. Afani akuti sanagwirepo pashopu pathu. Tazungulira mashopu onse okonza makompyuta ndi chithunzi chake. Mmisiri mmodzi anati akumukumbukira, ankagwira ndi lamanzere, anangosiya kubwera. Apolisi anayendayenda kuseri kwa nyumba ija, kumene kuli dimba la maluwa. Zimene anapeza kapena sanapeze sanatiuze, ndipo ine sindinapite kukafunsa.

Bwana wa shopu wandilemba ntchito yeniyeni. Tsopano ndimamanga kompyuta kuyambira bokosi lopanda kanthu mpaka kulira tii, ndipo ndayamba kuphunzira za m'manja zija zopinda ngati buku. Mu Disembala ndikubwera, tikiti ndagula kale. Muuze alamu akonze njinga. Zimene zili mu envelopumu mugulire amayi mankhwala a mwendo, zotsalazo mudzigulire nsalu, musandiuze kuti munagula sopo.

Pali chimodzi chimene sindinauze Afani. Lachisanu ndikudutsa pamsika, mayi wina anaitana mwana wake, ndipo dzina lake linali lomwe lija. Ndinavomera. Ndinavomera mokweza, amake ana, mpaka anthu anatembenuka, ndipo ndinali nditayenda kale kulunjika kwa mayiyo ndisanazindikire.

Choncho ndikupempheni kanthu. Mukamayankha kalatayi musayambe ndi “bambo a ana” monga mwa masiku onse. Muyambe ndi dzina langa, limene anandipatsa amayi anga ondibereka, limene munandiitana tsiku lija ndinakugwetserani ndowa. Mulilembe ndi zilembo zikuluzikulu, pamwamba penipeni. Ndipo ndikadzatsika basi, musadikire kuti ndikuoneni. Mudzaliitane.

Ndine mwamuna wanu, wanuwanu.